Kujambula Mokanda: Mmene Ana Angaphunzitsidwire Kutulutsa Chithunzi pa Bolodi Lakuda

Palibe mudzi umene ulibe poto wakuda ndi mwaye. Mwana amene watumidwa kukatsuka poto wotere, asanayambe kukwecha ndi mchenga, kawirikawiri amayamba watola kamtengo n'kulemba mzere pa mwayewo. Pamene kamtengo kadutsa, chitsulo choyera chimaonekera, ndipo mzere wowala umatuluka pakati pa mdima. Wina amajambulapo nyumba, wina nsomba, kufikira mayi ake atamkalipira kuti ntchito yaima. Mwana wotereyu sadziwa kuti masewera akewo ndiwo chiyambi cha luso limene lidadyetsa amisiri ambiri ojambula m'maiko akutali, limenenso likuphunzitsidwa m'sukulu kufikira lero lino.

Luso limeneli Angerezi amalitcha scraperboard, pamene anthu a ku America amati scratchboard. M'Chichewa likhoza kutchedwa kujambula mokanda, pakuti mmisiri wake amatenga bolodi lakuda bii, n'kumalikanda ndi chitsulo chakuthwa mpaka chithunzi chioneke. Nkhani ino ndi ya aphunzitsi a zaluso, makolo, ndi onse amene amatsogolera ana pa ntchito za manja. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: ntchito yoyamba ya wophunzitsa luso limeneli ndiyo kutembenuza maso a mwana, kuti aleke kufunafuna mithunzi ndi kuyamba kufunafuna kuwala. Mphunzitsi akalephera pamenepa, zipangizo zimaonongeka, ana amagwa ulesi, ndipo ena amatuluka m'kalasi atakhulupirira kuti alibe luso, pamene luso ali nalo.

Bolodi lake ndi lotani

Bolodi lenileni, lopangidwa ku fakitale, lili ndi zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pali katoni yolimba kapena thabwa lopyapyala. Pamwamba pake amamatapo dongo loyera losalala lotchedwa kaolini, lomwe lija amaumbira mbale ndi makapu oyera. Dzina la dongoli lidachokera ku malo otchedwa Gaoling m'dziko la China, kumene lidakumbidwa kwa zaka mazana ambiri. Dongo la mtundu womwewu limapezekanso ku Linthipe m'boma la Dedza. Dongolo likauma, amalikuta ndi inki yakuda, imene kwenikweni ndi mwaye wosalala wosakaniza ndi madzi ndi zomatira. Chitsulo chikadutsa pa bolodi lotere, chimachotsa inki yokha n'kusiya dongo loyera poyera. Motero mzere uliwonse umene mmisiri walemba umakhala woyera, ndipo paliponse pamene sadakhudze pamatsala pakuda.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi pensulo. Wojambula ndi pensulo amayamba ndi pepala loyera, ndipo akachulukitsa mizere malowo amada. Wojambula mokanda amayamba ndi mdima, ndipo akachulukitsa mizere malowo amayera. Kunena kwake n'kosavuta, koma dzanja limene lazolowera pensulo kuyambira Sitandade 1 silivomera msanga.

Kumene lusoli lidachokera

Kholo la kujambula mokanda ndilo luso lozokota zithunzi pa mtengo kuti zisindikizidwe m'mabuku. Katswiri wodziwika pa ntchito imeneyo adali Thomas Bewick, amene adabadwa kumpoto kwa England m'chaka cha 1753 namwalira mu 1828. Iyeyu ankazokota pa timatabwa ta mtengo wolimba kwambiri, todulidwa mopingasa thunthu. Posindikiza, malo amene sadazokote ndiwo ankagwira inki, ndipo ngalande zimene chitsulo chake chidakumba zinkatuluka zoyera pa pepala. Mabuku ake awiri a mbalame za ku Britain, amene adatuluka mu 1797 ndi mu 1804, adaonetsa anthu kuti nthenga, udzu ndi madzi zikhoza kujambulidwa ndi mizere yoyera pa mdima.

Koma kuzokota pa mtengo kudali ndi zovuta zake. Ntchito inkatenga masiku ambiri. Chithunzi chinkayenera kuzokotedwa chotembenuka, monga chimaonekera pa galasi loonera, kuti chikasindikizidwa chituluke cholunjika. Chinkayeneranso kukhala cha msinkhu womwewo umene chidzaonekere m'buku. M'chaka cha 1850, Firmin Gillot wa ku Paris adatulukira njira yosamutsira chojambula pa chitsulo cha zinki mothandizidwa ndi asidi, ndipo patapita zaka njirayo idalumikizidwa ndi kamera. Kuyambira pamenepo, chojambula chilichonse chokhala ndi mizere yakuda ndi yoyera yooneka bwino chinkatha kujambulidwa ndi kamera, kuchepetsedwa, ndi kuikidwa pa chitsulo chosindikizira. Bolodi la dongo, limene lidayamba kugwiritsidwa ntchito ku Britain ndi ku France m'zaka za m'ma 1800, lidayenera ntchito imeneyi ndendende: chithunzi chake chinkaoneka ngati chozokota, koma mmisiri ankachitsiriza msanga, osachitembenuza, ndiponso pa msinkhu umene iye wafuna.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kufikira za m'ma 1950, lusoli lidafala kwambiri m'nyuzipepala, m'zithunzi zotsatsa malonda, ndi m'mabuku a zachipatala ndi a sayansi. Chifukwa chake chidali chakuti zithunzi za kamera zinkatuluka zachimbuuzi pa mapepala otsika mtengo, pamene mizere yokanda inkatuluka yakuthwa. Ku America, Virgil Finlay, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1914 mpaka 1971, adatchuka ndi zithunzi za m'magazini a nthano, zimene ankazimanga ndi timadontho tosawerengeka. Makina osindikizira atapita patsogolo, ndipo pambuyo pake kompyuta itafika, ntchito ya malonda idachepa, koma lusolo silidafe. Brian Pinkney adajambula mokanda buku la ana lonena za woimba Duke Ellington, limene lidatuluka mu 1998. Beth Krommes adalandira mendulo ya Caldecott mu 2009 chifukwa cha buku la ana lojambulidwa mwa njira yomweyi. Mu 2011 amisiri a lusoli adakhazikitsa bungwe lao la m'maiko osiyanasiyana.

Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa mphunzitsi, pakuti ikuonetsa chimene lusoli limachita bwino koposa: kuonetsa ubweya, nthenga, mamba, makwinya ndi chilichonse chonyezimira, popanda mtundu wina koma wakuda ndi woyera.

Kukonza zipangizo

Bolodi la ku fakitale ndi lokwera mtengo, ndipo silipezeka m'masitolo ambiri. Komabe fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mphunzitsi akhoza kupanga mabolodi a kalasi lonse ndi zinthu zapafupi. Choyamba chofunika ndi katoni yosalala yoyera mbali imodzi, monga ya mabokosi a sopo, a tiyi kapena a mankhwala otsukira mano, kapena zikuto za makope akale. Katoniyo idulidwe tizidutswa tofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Bolodi laling'ono ndilo labwino kwa woyamba kumene, chifukwa amalitsiriza asanatope, ndipo likaonongeka sipakhala chisoni chachikulu.

Chachiwiri, ana apake phula pa katoniyo, pogwiritsa ntchito machekeni a phula kapena kandulo yoyera. Apake motsindika ndithu, mpaka pasatsale kabowo ngakhale kamodzi, pakuti paliponse pamene phula lasowa utoto umalowerera m'katoni ndipo sukandikanso. Chachitatu, apake utoto wakuda pamwamba pa phulalo. Pano pali vuto lodziwika: phula limakana madzi, kotero utoto umangodzikundika timadontho. Mankhwala ake ndi kuthira madontho ochepa a sopo wamadzi mu utotowo, pakuti sopo amachititsa madzi kuyala pa phula. Utoto upakidwe mopyapyala kawiri, koyamba mopingasa, kachiwiri motsika, ndipo woyamba uyambe wauma wachiwiri asanapakidwe. Utoto wochindikala umasweka n'kumagwa zibenthuzibenthu pokanda. Mabolodi aumitsidwe pamthunzi usiku wonse. Mphunzitsi wanzeru amayamba wayesa bolodi limodzi kunyumba, kuti adziwe ngati utoto wake ukugwira, asanaononge tsiku la ana.

Zida zokandira nazo n'zosasowa. Msomali waung'ono wonoledwa pa mwala umalemba mzere wowonda. Sipoko ya njinga yosulidwa kunsonga kuti iphwatalale imapala malo aakulu. Singano yolowetsedwa m'kabango n'kumangidwa ndi ulusi imatulutsa mizere yonga tsitsi. Kwa ana aang'ono, kamtengo ka nsungwi kosongoka kapena munga wa mthethe n'zokwanira pa bolodi la phula. Chida chilichonse chikhale ndi chogwirira chonenepa ngati pensulo, chifukwa msomali wopanda chogwirira umatopetsa zala ndipo mzere umanjenjemera. Pafunikanso nthenga ya nkhuku kapena burashi yofewa yosesera tizinyenyeswa.

Phunziro loyamba: tsiku lopanda chithunzi

Kulakwa kofala kwa aphunzitsi ndiko kugawa mabolodi tsiku loyamba n'kunena kuti aliyense ajambule chimene akufuna. Zikatero, mwana amachita chimene adazolowera: amalemba mzere wozungulira chinthu, n'kuyamba kukanda m'malo a mthunzi monga akadachitira ndi pensulo. Potsiriza amapeza kuti tsitsi la munthu wake layera, mboni za maso zayera, ndipo nkhope yada. Anzake amaseka, iye amachita manyazi, ndipo bolodi latha.

N'chifukwa chake tsiku loyamba liyenera kukhala lophunzira mizere yokha. Mphunzitsi ali nacho kale chida chachikulu chophunzitsira, ndicho bolodi la m'kalasi ndi choko, pakuti nalonso ndi loyera pa chakuda. Ajambulepo timabokosi tisanu tondandalikana. Koyamba akasiye kakuda. M'kachiwiri alembe mizere yochepa yotalikirana. M'kachitatu aichulukitse. M'kachinayi adutsitse mizere ina mopingasa yoyambayo, monga malukidwe a lichero. Kachisanu akayeretse konse. Kenaka ana apite kumbuyo kwa kalasi kukayang'ana. Ali kutaliko mizere siionekanso payokhapayokha. Chimene chimaoneka ndi makwerero ochoka ku mdima, kudzera ku kutuwa, kukafika ku kuyera mbee. Pamenepo ana amazindikira okha kuti mtundu wotuwa palibe pa bolodipo, koma diso ndilo limasakaniza choyera ndi chakuda.

Akatha kuona zimenezi, mwana aliyense apange makwerero ake pa kabolodi kake, katatu: koyamba ndi mizere yolunjika mbali imodzi, kachiwiri ndi mizere yopingasana, kachitatu ndi timadontho tokhatokha. Potero amaphunziranso kagwiridwe ka chida. Chigwiridwe ngati pensulo, mopendekeka pang'ono, ndipo chikokedwe mopepuka. Nsonga imalemba mzere wowonda, mbali ya chitsulo imapala mzere wotakata. Ana ambiri amatsindika kwambiri, poganiza kuti mphamvu ndiyo imayeretsa. Mphunzitsi awaonetse kuti utoto ndi wopyapyala ngati khungu la anyezi, ndi kuti chida chikalowa mpaka m'katoni, malowo amanyanyuka ndipo sakonzekanso.

Phunziro lachiwiri: kufunafuna kuwala

Tsiku lachiwiri mphunzitsi aike dzira, lalanje kapena chikho pa nsalu yakuda, pafupi ndi zenera limodzi, ndipo ngati n'kotheka atseke chitseko kuti kuwala kuchokere mbali imodzi yokha. Asanagawe zida, afunse ana mafunso atatu. Kodi kuwala kukuchokera kuti? Kodi malo owala koposa onse pa dzirali ndi ati? Kodi ndi pati pamene dzira lasowa m'mdima, osaoneka malire ake? Ana ayang'ane motsinzina pang'ono, pakuti kutero kumabisa tinthu ting'onoting'ono n'kusiya zigawo zikuluzikulu za kuwala ndi mdima. Aliyense aloze ndi chala asanayankhe ndi pakamwa.

Funso lachitatulo ndilo lofunika koposa. Ana adazolowera kuti chinthu chilichonse chili ndi mzere wochizungulira, pamene dzira lenileni lilibe mzere wotero. Mbali yoyang'ana ku zenera imaoneka chifukwa yawala. Mbali inayo imalowa m'mdima pang'onopang'ono. Mwana akalemba mzere woyera kuzungulira dzira lonse, chithunzi chimaphwatalala, chimakhala ngati waya wopindidwa. Akakanda mbali yowala yokha, n'kumachepetsa mizere polowera ku mthunzi, dzira limatukuka ngati lingatoleke ndi dzanja. Tsiku limene mwana waona ichi chikuchitika pa bolodi lake ndilo tsiku limene wayamba kulimvetsa lusoli.

Mizere iyeneranso kutsata maumbidwe a chinthu. Pa dzira ipindike monga dzira lapindikira. Pa nsungwi ilunjike. Pa nsalu itsate mapindidwe ake. Mzere uliwonse umanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti pamenepa pawala, ndi kuti chinthucho chakhotera uku.

Phunziro lachitatu: chithunzi chathunthu

Tsopano ana akhoza kusankha chojambula, koma mphunzitsi awatsogolere ku zinthu zimene zimayenera lusoli, zimenenso angazione ndi maso. Nthenga ya nkhanga ndiyo yabwino poyambira, chifukwa mwachibadwa ndi timadontho toyera pa mdima. Mamba a chambo, chitsononkho cha chimanga, dengu loluka, khungwa la mtengo, tsamba la papaya ndi nkhope ya mphaka, zonsezi zimaphunzitsa kanthu kena. Nkhope ya munthu idikire, pakuti khungu losalala ndilo lovuta koposa zonse.

Chithunzi chiyambe chajambulidwa pa pepala wamba lopyapyala, pamene mwana ali ndi ufulu wofufuta ndi kukonza. Akakhutira nacho, apake choko kumbuyo kwa pepalalo, aliike pa bolodi, ndi kudutsanso m'mizere yake ndi pensulo mosatsindika. Akachotsa pepala, pa bolodi pamatsala mizere yachoko yosaoneka kwambiri. Imeneyi ndi yolondolera njira chabe, ndipo isakandidwe yonse. Ntchito ikatha imasesedwa ndi nthenga.

Dongosolo la kukanda ndi ili. Mwana ayambe ndi mizere yochepa, yopepuka, pa chithunzi chonse, kuti aone maonekedwe ake. Kenaka abwerere ku malo owala n'kuonjezera. Malo owalitsitsa, monga kadontho ka m'diso la mphaka kapena ndevu zake, akhale otsiriza. Lamulo limeneli lili ndi chifukwa chake: kuonjezera kuwala n'kosavuta nthawi iliyonse, koma kubweza mdima n'kovuta. Madzi akatayika saoleka. Pojambula ubweya, mizere ikhale yaifupi, yosanjikizana, yotsata kumene ubweyawo wagonera, ndipo isafanane kutalika ngati mano a chipeso. Bolodi likhoza kutembenuzidwa pa desiki kuti dzanja lizikoka momasuka. Pakapita mphindi zingapo, mwana aziimika bolodi lake patali n'kuliyang'ana, chifukwa amene wawerama nthawi yaitali amaona mizere yokha, chithunzi osachiona.

Pali zizolowezi ziwiri zaukhondo zoyenera kuphunzitsidwa kuyambira pachiyambi. Pansi pa dzanja pakhale kapepala koyera, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa malo okanda kale ndi kutereretsa chida. Ndipo tizinyenyeswa tisesedwe ndi nthenga. Kupukuta ndi chikhatho kumapaka mwaye m'mizere yoyera, ndipo kuuzira ndi pakamwa kumaulutsira fumbi m'maso mwa mnzake.

Mwana akalakwitsa

Mphunzitsi asauze ana kuti cholakwa sichikonzeka konse, chifukwa si zoona, ndipo mantha amaumitsa dzanja. Pa bolodi la dongo, malo olakwika akhoza kupakidwanso inki yakuda, n'kukandidwanso ikauma. Pa bolodi la phula, utoto ukhoza kubwezedwa ndi nsonga ya burashi. Koma ana adziwenso malire ake: dongo kapena phula ndi lopyapyala, ndipo likakandidwa kawiri kapena katatu pamalo amodzi limatha. Malo okonzedwa saoneka bwino ngati oyamba aja. Choncho kukonza kulipo, koma n'kowerengeka, monga ufa wa m'nyengo ya njala.

Nthawi zambiri mzere wolakwika sufuna utoto konse. Mphunzitsi afunse mwanayo ngati mzerewo sungasanduke udzu, nthenga ina kapena kuwala kwa kumbuyo. Mwana amene waphunzira kuyang'ana cholakwa chake modekha, n'kuganiza chochita nacho, wapindula chinthu chimene chidzamthandiza ngakhale kunja kwa kalasi la zaluso.

M'kalasi lililonse mumapezeka ana a mitundu iwiri ofuna chisamaliro. Woyamba ndi wothamanga, amene amapala bolodi lonse m'mphindi zochepa mpaka mdima kutha. Ameneyu apatsidwe malire, monga kumuuza kuti theka la bolodi litsale lakuda, kapena kuti aime akalemba mizere 20 ndi kuonetsa mphunzitsi asanapitirize. Wachiwiri ndi wamantha, amene amangogwira chida osakhudza bolodi. Ameneyu apatsidwe kachidutswa koyeserapo pambali, ndipo mphunzitsi asamtengere chida kuti amjambulire. Kuonetsa kuchitike pa bolodi la mphunzitsi. Bolodi la mwana likhale la mwana.

Kupewa ngozi

Zida za lusoli n'zakuthwa, ndipo kalasi likakhala la ana ochuluka mphunzitsi sangaone dzanja lililonse. Tsono malamulo akhale ochepa koma osasinthika. Zida ziwerengedwe pogawa ndi potolera, ndipo kalasi lisatuluke chiwerengero chisanakwane. Mwana asayende ndi chida m'manja. Dzanja logwira bolodi likhale kutali ndi njira imene chida chikulowera. Malezala asapatsidwe kwa ana a m'makalasi aang'ono. Misomali yadzimbiri isagwiritsidwe ntchito. Mwana akadzibaya, bala litsukidwe ndi madzi ndi sopo nthawi yomweyo, ndipo ngati lalowa kwambiri apite naye ku chipatala, poopa kafumbata. Chida chimene chakhudza magazi chichotsedwe, chisapitenso m'manja mwa mwana wina. Ngati zida n'zochepa, ana agawidwe m'magulu: ena azipaka phula, ena azijambula pa pepala, ena azikanda, n'kumasinthana.

Za mitundu

Ana amakonda mitundu, ndipo lusoli lili ndi njira ziwiri zoilowetsera. Yoyamba ndiyo kupaka machekeni a mitundumitundu pansi pa utoto wakuda, kuti pokanda pazituluka pofiira, pachikasu kapena pobiriwira. Yachiwiri, yoyenera bolodi la dongo, ndiyo kutsiriza kukanda, kupaka inki yamtundu yopyapyala pa malo oyera, ndi kukandanso pang'ono pamene pafunika kuwalitsitsa. Koma mitundu ibwere pambuyo. Ikabwera msanga, mwana amasangalala ndi kunyezimira kwake n'kuiwala kufunsa kumene kuwala kukuchokera. Amisiri aakulu amaisunga mitundu; buku la Beth Krommes lija lili ndi chakuda, choyera ndi chikasu chagolide basi.

Kuyesa ntchito ya ana

Ntchito ikatha, mabolodi onse aimikidwe pa khoma, ana akhale patali n'kuyang'ana. Mphunzitsi asayambe ndi kufunsa kuti chokongola koposa n'chiti, pakuti funso limenelo limakweza awiri kapena atatu n'kugwetsa otsala onse. Afunse zinthu zimene mwana aliyense angathe kuziona ndi kuzikonza. Kodi munthu angadziwe mbali imene kuwala kukuchokera? Kodi pali masitepe angati pakati pa chakuda ndi choyera? Kodi mizere ikutsata maumbidwe a chinthucho? Kodi mdima watsala wokwanira kuti kuwala kuoneke? Ana eni ake ayankhe, akuloza pa ntchito za anzao. Makwerero a tsiku loyamba aja asungidwe, kuti pakutha pa teremu mwana ayerekeze yekha pamene adayambira ndi pamene wafika.

Zithunzi za phula zisungidwe pamthunzi, pakati pa mapepala oyera, chifukwa dzuwa limafewetsa phula ndipo kukhudzana kumakanda utoto. Popeza zithunzi zotere zimatuluka bwino pa makina okopera mapepala, monga zinkatulukira bwino m'nyuzipepala zakale, sukulu ikhoza kuzigwiritsa ntchito pa chikuto cha magazini yake kapena pa makalata oitanira makolo. Mwana akaona nthenga yake ya nkhanga itasindikizidwa, safunanso womukakamiza.

Si ana onse amene adzakhale amisiri ojambula, ndipo mphunzitsi asayembekezere zimenezo. Koma mwana aliyense amene wadutsa m'maphunziro atatuwa amakhala ataphunzira kuyang'ana chinthu nthawi yaitali asanachigwire, kukonzekera pa pepala asanakande pa bolodi, ndi kuleka pamene pakwanira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zofunika kuti phunziro liyambe ndi katoni, kandulo, utoto wakuda, sopo ndi misomali ingapo, pamodzi ndi mphunzitsi amene wayamba wayesa yekha kunyumba, nalakwitsa, nadziwa pamene ana ake adzapunthwe.